Akasinja m'matope a ku Beltring

Lachiwiri, tsiku lofika

Mvula ya sabata ino kuno ku Kent, ku England, ilibe mabingu. Ndi mvumbi wonga chiperoni cha ku Thyolo, wongowaza usana ndi usiku mpaka nthaka itakhuta. Wagwa sabata yonse, ndipo mawa chionetsero cha War and Peace Show chikutsegulidwa pa Hop Farm, ku Beltring. Pa nthawi ya ulendo wathuwu, kuyambira Lachitatu mpaka Lamulungu pankasonkhana magalimoto ankhondo akale masauzande ndithu, majipi, malole, akasinja, maambulansi ndi njinga zamoto. Ambiri eni ake ndi anthu wamba amene amagula, kukonza ndi kusunga magalimotowa ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Wochokera ku London akwere sitima pa Charing Cross n'kutsika pa Paddock Wood, ulendo wosakwana ola. Pamenepo asinthe, akwere yolowera ku Maidstone West, atsike pa siteshoni yoyamba, ndiyo Beltring. Kuchoka apo ndi kamtunda koyenda pansi. Pa galimoto msewu wake ndi A228. Chizindikiro choti mwafika ndi nyumba zozungulira za njerwa, za madenga osongoka okhala ndi zisoti zoyera pamwamba. Kale ankaumitsiramo hops, zomera zimene zimapatsa mowa kuwawa kwake, monga momwe ife timaumitsira fodya m'mabani.

Malo ano ndi otsika, pafupi ndi mtsinje wa Medway, ndipo dothi lake ndi dongo lolemera la dera limene amalitcha Weald. Amene anayendapo ku Chikwawa nthawi ya dzinja akulidziwa khalidwe lake, chifukwa silisiyana kwenikweni ndi makande. Madzi salowa pansi, amangodikha pamwamba, ndipo dothilo limamata ku nsapato mpaka phazi kulemera ngati mwamangirira njerwa. Chimene chimanyamula galimoto pamalo otere ndi kapinga ndi mizu yake basi. Galimoto yoyamba imadutsa bwinobwino, yakhumi imang'amba kapinga uja, ndipo pofika madzulo njira yonse yasanduka phala. Pa geti lolowera kumisasa lero mathirakitala anali atayamba kale kukoka anthu, chionetsero chisanatsegulidwe n'komwe.

Pomanga tenti yambani mwaona kumene madzi akulowera. Kamtunda ka masentimita 20 okha kamasiyanitsa wogona pouma ndi wogona m'dziwe. Musamange m'mphepete mwa njira, chifukwa mikwasa ya matayala imasanduka ngalande. Zikhomo zazifupi zawaya sizigwira m'dongo lonyowa. Pamafunika zazitali, za masentimita 30 mpaka 45, zokhomedwa mopendekera kutali ndi tenti. Matenti ankhondo a kanvasi ali ndi khalidwe lina: nsalu ndi zingwe zake zimafupika zikanyowa. Mukakunga kwambiri masana, usiku zikhomo zizuka zokha kapena msoko ung'ambika, choncho madzulo a mvula zingwe amazimasulako pang'ono. M'kati musatsamiritse katundu ku nsaluyo, poti pamene pakhudzidwa ndi pamene madzi amayambira kudontha. Zofunda zikhale pa mapaleti, ndipo mbaula isalowe m'tenti ngakhale kuzizire chotani. Mpweya wa makala sununkha, umapha anthu ali m'tulo.

Galimoto yanu iimikeni itayang'ana kotulukira, matayala ali pa matabwa. Galimoto yoima masiku asanu pa dongo lonyowa imamira pang'onopang'ono popanda woikhudza.

Lachitatu

Kunja kumacha isanakwane 5 koloko, ndipo pofika 7 phokoso lalikulu pamsasa linali la masitata olira injini osadzuka. Vuto lake ndi lodziwika. Majipi a Willys MB ndi Ford GPW, ndi malole ambiri a ku America a nthawi ya nkhondo yachiwiri, amayendera magetsi a mavoti 6. Mphamvu ndi yochepa kale, ndiye pakalowa chinyezi ndi dzimbiri pang'ono moto sufikanso ku mapulagi. Odziwa sapitiriza kukakamiza sitata mpaka batire kutha. Amachotsa chivundikiro cha distributor, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi, n'kupukuta m'kati mwake ndi kansalu kouma, chifukwa usiku mumachita thukuta ndipo moto umathawira m'timadontho timeneto. Amapukutanso mawaya a mapulagi, kupoperako WD-40, kenako n'kuona mpata wa mapointi, umene pa jipi uyenera kukhala theka la milimita. Sitata ikamazungulira mwaulesi batire lili lodzaza, kawirikawiri wolakwa ndi waya wa earth pamene wamangidwa ku chasisi. Mumasule, mupale dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mumangenso. Ikakanabe, tsegulani bawuti wapansi pa fyuluta ya petulo muone ngati simunadikhe madzi. Jipi ina yoyandikana ndi msasa wathu inatulutsa madzi odzaza kapu ya tiyi, ndipo itangotero inalira.

Jipi ndi yopepuka, imangopitirira pang'ono tani imodzi, ndipo injini yake ya malita 2.2 imatulutsa mahatchi 60. Makampani awiri aja anapanga zoposa 600,000. Pamatope mphamvu imeneyo ndi yokwana ndithu. Chimene chimaivuta ndi matayala ake ankhondo a 6.00-16, a mizere yopingasa yokhala ndi msana wosalala pakati. Dongo likadzaza m'mizeremo tayala limasanduka sopo, ndipo pa kapinga wonyowa jipi imatha kupita cham'mbali ngati nkhanu. Mankhwala oyamba ndi kuphwetsako matayala. Pamsewu amakhala ndi mpweya wa 30 mpaka 35 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu yopanikiza). Pano ambiri atsitsa kufika cha m'ma 20. Tayala lofewa limaponda malo aakulu, komanso likamapindika pozungulira limalavula dongo lina. Kungoti wophwetsa asakhote mwamphamvu, chifukwa tayala limatha kutsetsereka pa limu n'kudula valavu ya chubu.

Kayendetsedwe kake n'kofanana ndi ka Land Rover imene ambiri tinakula tikuiona ku maofesi a boma ndi ku mishoni. Lowetsani mawilo onse anayi ndi magiya otsika musanafike pa thope, osadikira kuti muyambe mwatitimira. Pa Land Rover yakale ndiye kuti kukokera kumbuyo ndodo ya mutu wofiira. Nyamukani ndi giya yachiwiri, phazi likhale pamodzimodzi pa mafuta, ndipo musaponde kilatchi muli pakati pa thope, poti galimoto ikangoima kamphindi dongo limaigwira. Zala zazikulu zisalowe m'kati mwa chiwongolero. Magalimoto amenewa alibe power steering, ndipo tayala likagunda m'mbali mwa mkwasa chiwongolero chimabwerera ndi mphamvu yoti n'kuthyola chala.

Lole ya GMC CCKW, imene ku America anapanga zoposa 500,000, ili ndi maekiselo atatu onse okoka, koma kumbuyo matayala ndi apawiriapawiri. Dongo limadzaza pakati pa awiriwo mpaka kukhala chigudumu chimodzi chosalala. Akutsogolo amaboola njira yopapatiza, akumbuyo n'kumavutika kuikulitsa. N'chifukwa chake DUKW, lole yoyandama pamadzi yomangidwa pa ziwalo za GMC yomweyo, inapatsidwa matayala aakulu amodziamodzi, komanso makina oti dalaivala aziphwetsa ndi kupopa matayala ali pampando. Lero kusiyana kwake kunaonekera poyera: pamene GMC inkakumba, DUKW inadutsa ngati bakha.

Koma amene akusangalala ndi nyengo ino ndi eni a Alvis Stalwart, lole ya ku Britain ya mawilo 6 ya m'zaka za m'ma 1960, ya injini ya Rolls-Royce B81. Mawilo atatu a mbali imodzi ndi olumikizidwa moti amazungulira mofanana nthawi zonse. Pa tala zimenezi zimapotokola mashafiti ndi kuphwanya magiya a m'mawilo, chifukwa palibe tayala limene lingaterereko pang'ono. Eni ake amajambula mzere woyera pa habu iliyonse, ndipo mizereyo ikasiya kuyang'ana kumodzi amadziwa kuti m'kati mwathyoka china. Pa dongo lonyowa vutolo limatha lokha.

Lachinayi

Usiku wonse yagwa, ndipo njira yaikulu ya pakati pa misasa tsopano ili ndi mikwasa yofika m'maondo. Walira mvula walira matope, koma kwa wokonda makina lero ndilo tsiku lophunzira, chifukwa magalimoto okoka anzawo, amene nthawi ya dzuwa amangoima opukutidwa, agwira ntchito imene anawapangira.

GMC ina yonyamula katundu wa msasa inatitimira pakona pafupi ndi mitengo cha m'ma 10 koloko. Dalaivala atamva kuti yayamba kuterera anawonjezera mafuta, ndipo m'masekondi ochepa matayala anadzikumbira manda mpaka madifu atatu onse, mabokosi a magiya a pakati pa maekiselo, kukhala pansi. Galimoto ikafika pamenepo kulemera kwake kuli pa mimba, matayala akungopalasa phala. Lamulo ndi lakuti matayala akangoyamba kuzungulira galimoto osasuntha, chotsani phazi, yesani kubwerera m'mbuyo m'mikwasa yanu yomwe, ikakana zimitsani mutsike.

Amene anabwera kudzaikoka sanathamangire chingwe. Anayamba ndi masamu. Mabuku a asilikali a ku America amawerengera motere: galimoto yomira m'kati mwa msinkhu wa matayala imafuna mphamvu yofanana ndi kulemera kwake, thope likakwirira matayala n'kufika m'mamadigadi, kawiri, likafika pa kabini, katatu. GMC yopanda katundu imalemera pafupifupi matani 5, ndipo iyi ndi katundu wake inali cha m'ma 6. Winchi yake yakutsogolo, makina okokera ndi chingwe, imakoka matani 4.5 okha. Choncho payokha sikanatuluka, ndipo kuikakamiza kukanangodula kapini kofewa kamene kali pa shafiti ya winchi. Kapini kameneka anakapanga dala kuti kazithyoka zinthu zikalemera. Anthu ena kakathyoka amaikapo bawuti wolimba, n'kuona ngati achenjera, koma tsiku lina chimene chidzathyoke ndi winchi kapena chingwe.

Kenako fosholo. Anthu anayi anakumba kwa theka la ola, kuchotsa dongo kumbuyo kwa tayala lililonse kuti pakhale potsetsereka m'malo mwa khoma, ndi kugwebula pansi pa madifu kuti dongo lisiye kuyamwa. Katundu wolemera anamutsitsa. Ntchito imeneyi anthu amaida, koma imatha kuchotsa gawo lalikulu la mphamvu yofunika. Anasankha kuikokera kumbuyo, kumene inachokera, popeza njira yoboola kale ndi yopepuka kuposa thope losadziwika kuya kwake.

Wokoka anali Scammell Explorer, lole ya ku Britain ya m'zaka za m'ma 1950, ya injini ya petulo ya Meadows yopitirira malita 10 ndi winchi ya matani 15. Inaima patali pouma, chifukwa wokoka akalowa m'thope momwemo otitimira amakhala awiri. Anatsekera matayala ake ndi zitsulo zotchingira, n'kutambasula chingwe chawaya chachitali. Winchi imakoka mwamphamvu chingwe chikakhala chochepa pa dilamu, ndipo mphamvu imachepa mizere ya chingwe ikamasanjikana. Komabe pa dilamupo pazitsala mapindi osachepera asanu, apo ayi chingwe chimasolola. Ngakhale mphamvu inali yokwana, anakoleka gudumu la chingwe, lija amati snatch block, pa chokolekera cha kumbuyo kwa GMC, n'kubweza nsonga ya chingwe kudzaimanga pa Scammell. Mwa njira imeneyi mphamvu imawirikiza pafupifupi kawiri, liwiro n'kutsika ndi theka, ndipo kutsika kwa liwiroko n'kumene ankafuna. Dongo limafuna nthawi kuti litaye chimene lagwira.

Anthu oonerera anawabweza kutali kuposa utali wa chingwe chonse. Palibe amene analoledwa kuima m'kati mwa ngodya imene chingwe chimapanga pa gudumu lija, kapena kuchilumpha. Wogwira chingwe anavala magolovesi achikopa ochindikala, poti waya wakale amakhala ndi timinga tobaya. Munthu mmodzi yekha ndiye ankapereka zizindikiro ndi manja, ataima poti madalaivala onse awiri akumuona. Chingwe chinadzuka m'matope chikudontha, chinakungika, ndipo kwa kanthawi panalibe chosuntha kupatula madzi ofinyika m'mawaya ake. Kenako panamveka kuyamwa kwakukulu ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'dambo, GMC n'kuyamba kubwera, matayala ake akuzungulira pang'onopang'ono mu giya yobwerera. Kukoka kwenikweniko sikunakwane mphindi zisanu.

Chimene chinatidetsa nkhawa ndi zomwe tinaona madzulo koimika magalimoto a alendo: munthu atakoleka chingwe pa mpira wokokera ngolo, mnzake n'kumatenga liwiro kuti atswanyule. Mpira umenewo sanaupangire kugwedeza kotero. Ukathyoka umauluka ngati chipolopolo, ndipo wapha kale anthu m'maiko ambiri. Chingwe chizimangidwa pa malo okokera omangidwa ku chasisi, ndi shackle (chitsulo chokolekera chotsekedwa ndi pini) yolembedwa matani ake. Pini ya shackle mukaimanga mpaka kumapeto muibwezeko pang'ono, kuti ikakokedwa isakanirire. Zonsezi n'zimene zimafunikanso lole ya chimanga ikatitimira pa msewu wafumbi kwathu mu Febuluwale, pamene anthu amathamangira kukankha ataima kumbuyo kwenikweni kwa matayala.

Lachisanu

Lero tinakhala pa bwalo lalikulu loonetsera akasinja kuyambira m'mawa. Mvula inaleka cha m'ma 11, koma bwalolo linali litapondedwa kale mpaka kuoneka ngati munda wa mpunga wokonzeka kuwokera.

Kasinja wa Sherman wa injini ya Continental R975 sadzutsidwa mwachisawawa. Injiniyi inachokera ku ndege, ili ndi masilinda 9 ozungulira ngati masipoko a njinga, ndipo ikagona usiku oyilo ndi petulo zimatsikira m'masilinda apansi. Madzimadzi sapanikizika, ndiye mukangoliza sitata ndodo ya pisitoni imapindika. Choncho munthu amapita kumbuyo ndi chipukuso, n'kupukusa ndi manja maulendo pafupifupi 50 kuti amve ngati palibe polimba. Tinaona mnyamata akuchita zimenezi ataima m'thope lofika m'akakolo, akuwerenga mokweza. Itadzuka inalavula utsi wabuluu umene unaphimba mzere wonse wa oonerera.

Anthu ambiri amaganiza kuti kasinja satitimira. Amatitimira ndithu, ndipo chimene chimalamula ndi kulemera kumene kumagwera pa kachigawo kalikonse ka nthaka. Munthu woyenda amaponda ndi mphamvu ya pafupifupi 8 psi. Tayala la lole limaponda molingana ndi mpweya wake, 55 psi pa GMC. Sherman woyamba, wa matani 30 ndi malamba oyendera a masentimita 42 m'lifupi, amaponda pafupifupi 14 psi, ndipo m'matope a ku Ulaya chakumapeto kwa 1944 zimenezi zinavuta kwambiri, mpaka asilikali ankawonjezera tizitsulo m'mbali mwa lamba totchedwa duckbills kuti akule. Ma Sherman otsiriza anabwera ndi malamba a masentimita 58. T-34 wa ku Soviet Union anali ndi malamba a masentimita 50 ndi injini ya dizilo ya mahatchi 500, popeza opanga ake ankadziwa matope a kwawo. Akamayenda amamveka gogogo, chifukwa mapini a lamba wake alibe zotsekera. Akamasolola amagunda kachitsulo kowotcherera kumbuyo kwa thupi la kasinja, n'kubwerera m'malo.

Opepuka ndi amene anaonetsa luso. Scorpion, wa matani 8 ndi injini ya Jaguar ya malita 4.2, amaponda cha m'ma 5 psi, kuchepera munthu, n'chifukwa chake mu 1982 anadutsa m'madambo a ku Falklands. M29 Weasel ya Studebaker imaponda 2 psi yokha. Inadutsa pakati pa bwalo, pamene woyang'anira wina anali atangosiya jombo imodzi m'thope, ikungosiya timizere pamwamba.

Ngozi ya magalimoto a malamba pa dongo ndi kuvula lamba. Dongo limadzaza m'gudumu la mano, lamba n'kukwera pamwamba pa manowo, ndipo dalaivala akakhota mwamphamvu nthawi imeneyo lamba amagwera kunja. Zinachitikira Universal Carrier ina, kagalimoto kakang'ono ka injini ya Ford V8, masana ano. Kubwezera kwake kulibe chidule. Anamasula gudumu lokungira lamba, anakhoma pini imodzi ndi nyundo ndi chibowolero kuti lamba aduke, anamuyala mowongoka pansi, anapala dongo lonse m'mano, anakokera kagalimotoko pamwamba pake, kenako n'kukweza nsonga ya lamba pa gudumu la mano ndi chingwe mpaka nsonga ziwiri zitakumana. Anthu atatu, ola limodzi ndi theka. Pa Sherman, amene lamba wake ali ndi mfundo 79 mbali imodzi ndipo amalemera kupitirira tani, ntchito yomweyo ndi ya gulu. Madalaivala ozolowera amakhota pang'onopang'ono, kukhota pang'ono n'kuwongola, kukhota n'kuwongola, kuti lamba azilavula dongo.

Kasinja akamayenda kunja kwa bwalo, kutsogolo kumayenda munthu womulondolera, chifukwa dalaivala saona pafupi. Pa thope munthu ameneyu aziyenda chapambali, patali ndithu. Akaterera ali kutsogolo kwenikweni, matani 30 saima pomwepo.

Loweruka

Tsiku la anthu ambiri. M'njira za pakati pa misika athiramo udzu wouma ndi tizidutswa ta mitengo, zimene zimathandiza kwa maola awiri kapena atatu kenako zimamira. Za mapazi tinene pano. Majombo akhale ogwira bwino pa akakolo, chifukwa otakasuka dongo limawavula. Masokosi akhale a ubweya, mapeya awiri pa tsiku, ndipo madzulo mapazi asambitsidwe ndi kuumitsidwa. Matenda a mapazi amene anavutitsa asilikali m'maenje a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 sankafuna chisanu choopsa, ankangofuna phazi lonyowa ndi lozizira kwa masiku angapo. M'majombo onyowa m'kati fwanyikiranimo manyuzipepala usiku.

Pa misika pali chilichonse, kuyambira makabureta a jipi mpaka mabuku okonzera magalimoto. Tsiku la mvula ogulitsa ambiri amafunditsa katundu, choncho funsani. Pogula zamagetsi monga makoilo, sankhani zimene zili m'mapepala ake a girisi. Mfuti zogulitsidwa pano ndi zophedwa kale moti sizingawombe, ndipo iliyonse imayenda ndi satifiketi yake. Pa masewero a nkhondo a masana amawomba zipolopolo zopanda mitu, koma phokoso lake ndi lenileni, ana avale zotseka m'makutu.

Pamzere wa magalimoto a ku Britain panali Fox, galimoto yachitsulo ya matayala anayi ya mfuti ya mamilimita 30. Kunja kwa Britain inagulidwanso ndi Nigeria ndi Malawi. Ndi yothamanga, koma mutu wake ndi wolemera ndipo inkadziwika ndi kugubuduzika, moti mwini wake lero sanaiyendetse pamalo opendekera.

Kumene tinakhalitsa ndi kumsasa wa anthu oonetsa nkhondo ya ku Burma. Anali ndi jipi imodzi, matenti awiri, ndi kanjira kamene anayala ndi mitengo yopingasa kuti jipiyo ifike pamalo pake. Njira zoterezi ndi zimene zinamangidwa m'chigwa cha Kabaw mu 1944. Kuyambira mu Ogasiti chaka chimenecho, mvula ya monsoon ili pachimake, gulu la 11th East African Division la mu Fourteenth Army ya William Slim linatsika chigwacho mpaka kufika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala. M'gululi munali mabataliyoni a King's African Rifles (KAR) a ku Nyasaland, ndi la Northern Rhodesia Regiment. Msewu unali utasanduka thope, malole sankadutsa, chakudya chambiri chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo asilikali ankadula mitengo, kuyala, kukankha majipi ndi kusenza katundu pamutu, uku malungo akuwagwetsa. Amenewo ndi agogo athu, anzawo a aja timawakumbukira pa chipilala cha KAR ku Zomba. Pa chionetsero chachikulu chonchi nkhani yawo imamveka mochepa kwambiri poyerekeza ndi ya nkhondo ya ku Normandy, ku France, ndipo zimenezi zimatiwawa. Tinaima nthawi yaitali tikuyang'ana thope likufinyika pakati pa mitengo ija jipi ikamadutsa, mtengo uliwonse ukumira n'kudzukanso.

Lamulungu

Dzuwa latuluka, ndipo dongo lafika poipa kwambiri. Lamadzimadzi limayoyoka lokha. Louma pang'ono limamata ngati nsima ya kondowole, ndipo limadzaza m'mamadigadi mpaka tayala kukanika kuzungulira. Njinga zamoto zavutika nalo kuyambira m'mawa, okwera akuima mamita 100 alionse kutokosa ndi kamtengo.

Otuluka mwanzeru ananyamuka m'mawa kwambiri kapena akudikira mawa. Akasinja akukwezedwa pa malole aatali pamalo olimba okha. Malamba a matope pa zitsulo zokwerera amaterera ngati pa galasi, choncho amayamba apala dongo ndi fosholo, n'kuyala matabwa kapena matayala akale, ndipo wolondolera amaima pansi chapambali, osati pamwamba pa ngolo. Tenti ya kanvasi yopindidwa yonyowa iyanikidwe pasanathe masiku awiri, ikapitirira apo imachita nkhungu.

Musanalowe mu A228 popani matayala abwerere pa mpweya wake, chifukwa tayala lophwa limatentha pa tala n'kuphulika. Tulutsani galimoto mu giya yokoka ndi mawilo onse anayi. Gwebulani dongo pakati pa matayala apawiri, pa magetsi ndi pa nambala, kuti lisakagwere pamsewu n'kugwetsa a njinga zamoto. Mabuleki a dilamu akanyowa sagwira, ndiye pa mamita oyamba yendani pang'onopang'ono phazi lili pa buleki mopepuka mpaka atauma, ndipo muyese ngati sakukokera mbali imodzi.

Ntchito yotsala ndi ya kunyumba, ndipo isagone sabata. Tsukani kunsi konse, makamaka m'kati mwa chasisi mmene dongo limasunga chinyezi n'kudya chitsulo, ndi m'zipsepse za radiyeta, pothira madzi kuchokera kumbali ya injini. Chotsani madilamu a mabuleki, poti dongo louma m'menemo limapala ngati sandipepa. Tsegulani mabawuti a oyilo pa madifu, pa giyabokosi ndi pa bokosi logawa mphamvu ku mawilo. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera m'masilo ndi pa kabowo kopumira, ndipo oyilo wake amaoneka ngati tiyi wamkaka. Woteroyo akhuthulidwe tsiku lomwelo. Pomaliza popani girisi pa manipo onse, pa mashafiti, masipuling'i ndi ziwalo za chiwongolero, mpaka wakale wosakanikirana ndi madzi atatuluka ndipo watsopano waonekera.

Pamene tinkapita ku siteshoni cha m'ma 5 koloko, Scammell ija inali idakali pakona pa mitengo paja, chingwe chake chitatambasulidwa kulowera kumene ambulansi ya Dodge inali itakhala pa mimba, ndipo anthu awiri anali atayamba kale kukumba.